Boti la ku Mbenji ndi Chitini Chouma

Chaka choyamba kunyanja

Ana inu mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene anzanga amene ndinayamba nawo ntchito anapumira m'maofesi a makatani ku likulu, pamene ine ndinapumira ndikuyezabe mvula pakati pa minda ya chimanga. Makamaka iwe Tadala, pakamwa pako sipatseka. Mutu uno ndalembera iwe. Uwerenge wekha, undileke ndipume.

Nditamaliza kosi ya zanyengo m'zaka za m'ma 1970, ananditumiza pa kasiteshoni kakang'ono m'mphepete mwa nyanja ku Salima, moyang'anana ndi chilumba cha Mbenji. Ine mwana wa kumapiri ku Ntchisi, madzi aakulu amene ndinkawadziwa anali a padambo pomwetsera ng'ombe. Tinatsika sitima pa Salima ine ndi mayi anu, mkulu wanu Chikondi ali kumsana, tili ndi mphasa, mapoto ndi bokosi la zipangizo za boma. Lole imene inatitenga kuchokera pa boma inagwera m'dzenje, bokosi lija n'kudumpha ngati lamoyo. M'bokosimo munali baromita, kachipangizo kooneka ngati wotchi kamene kamachenjeza kukamabwera namondwe. Kuyambira tsiku limenelo muvi wake unaloza pa nyengo yabwino, ndipo sunasunthenso. Denga lizisasuka, mitengo izigwa, iko kali nji pa nyengo yabwino. Ndinalemba makalata ambiri opempha kena, ndipo yankho linali limodzi, lakuti pempho langa likuganiziridwa. Mwina mpaka lero akuganizabe.

Zimene zinapulumuka ndi chitini choyezera mvula ndi galasi lake, zoyezera kutentha zokhala m'kabokosi koyera ka miyendo inayi, ndi buku lalikulu lolembamo. Tsiku lililonse 8 koloko m'mawa ndinkatsanula chitini, kuwerenga, kulemba, kenaka kuyenda wapansi kupita ku ofesi ya zansomba kumene kunali lamya yopukusa, n'kukawerengera bwana wanga a Msiska ku likulu. Madzulo wailesi inkaulutsa zanyengo, ndipo za kwathu inkanena mawu pafupifupi omweomwewo nyengo yonse ya dzinja: mvula yamabingu apo ndi apo m'madera a m'mphepete mwa nyanja. Asodzi sanachedwe kundipatsa dzina. Ndikamadutsa padoko ankafuula kuti, “Che Apo-ndi-apo! Lero igwa apo kapena apo?” Kabokosi koyera kaja ankakatcha khola la nkhunda za boma, ndipo mkulu wina anandifunsa mwaulemu ndithu kuti nkhundazo zifika liti.

Manyazi oyamba ndinawaona mu Ogasiti, mwera ukuwomba, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe. Tsiku lina nditsegula chitini, ndipeza madzi inchi imodzi yathunthu. Mmalo moganiza ngati munthu, ndinaganiza ngati wa kosi: chimene chili m'chitini ndicho ulembe. Ndinathamanga kukaimba lamya.

“Phiri,” anatero a Msiska, “mu Ogasiti? Dziko lonse fumbi lokhalokha, iwe wekha inchi? Wayamba kachasu?”

Ndinabwerera ndili wewewe. Pampanda ndinapeza mayi wina wachikulire, Abiti Saidi, woyandikana nafe nyumba, akumwetulira ngati munthu amene wachita zabwino. Anati, “Mwanangu, m'mawa uliwonse ndimakuonani mukusuzumira m'chitinimo, n'kubwerera nkhope ili khuma. Ndinati mwana wa eni ake angachotsedwe ntchito, ndiye ndakuthirirani pang'ono.” Abale inu, munthu wotere ungamukalipire bwanji? Ndinathokoza, n'kuwapempha kuti chifundo chotero asadzachitenso. Tsiku limenelo ndinalumbira ndekha kuti m'buku langa simudzalowanso dontho limene silinachokere kumwamba.

Chaka chachiwiri ndi chachitatu

Mwamuna wa Abiti Saidi anali Che Bwanali, msodzi wopuma, wa ndevu zoyera ndi kachisoti koyera. Tsiku lonse ankakhala pakhonde n'kumasoka maukonde a ana ake. Mudzi wonse unkati munthu ameneyu nyanja amaiwerenga ngati kalata, ndipo pa unyamata wake anapulumutsa mabwato ambiri powabweza asanalowe pakati.

Tsono a Msiska anali ndi chizolowezi chimodzi. Ndikatha kuwawerengera manambala ankafunsa kuti, “Nanga nyanja ikuti bwanji kumeneko?” Siteshoni yathu inali yokhayo ku gombe limenelo, ndiye olosera ku likulu ankafuna diso la munthu amene ali pompo. Ine ndikayang'ana nyanja ndinkangoona madzi. Baromita yafa. Ndinati safunsa anadya phula, ndipo ndinayamba kudzera pakhonde la Che Bwanali ndikamapita ku lamya.

“Mwadzuka bwanji, Che Bwanali? Nyanja lero ikuti bwanji?”

Iwo ankatukula mutu, kutsinzina pang'ono, n'kunena pang'onopang'ono kuti, “Lero, inshaallah, kamphepo ka mpoto, mitambo masana, mvula ya apa ndi apo. Wopita kutali asamale.”

Ine ndinkanyamula mawuwo ali otentha, kukawatula kwa a Msiska m'chizungu cha kosi. Madzulo wailesi inkanena zomwezo, ine n'kumagwedeza mutu, kuuza mayi anu kuti tamverani, ndi mawu anga awa. Ndipo zinkachitikadi! Kwinakwake m'mphepete mwa nyanja yaitali chonchija mvula siinkalephera kugwa. A Msiska anayamba kunditchula kuti diso lathu la kunyanja, ndipo kawiri konse anandinong'oneza kuti ku likulu kukufunika munthu wonga ine. Ndinagula tayi. Padoko dzina la Che Apo-ndi-apo linakhalabe, koma tsopano ankalitchula akundipatsa utaka wa ndiwo. Ndikuvomera, ana inu, ndinatukumuka kwambiri.

Novembala wa chaka chachinayi, Lachinayi

Muyenera kudziwa zinthu ziwiri za Mbenji. Choyamba, asodzi akapita kumeneko amakhalako miyezi, ndipo mvula ikayandikira amachokako onse chifukwa mphenzi za pa chilumba chija sizisewera. Chachiwiri, mwambo wa kumeneko sulola munthu wamkazi kuponda pamtunda. Muyeneranso kudziwa kuti masiku amenewo munthu wopanda khadi la Chipani sankalowa mumsika, sankakwera basi, mwina ngakhale kuchipatala ankabwerera pakhomo.

Tcheyamani wa Chipani m'dera lathu anali a Kachingwe, mwini golosale, munthu wonenepa amene ankavala suti ya ubweya ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Anakulira kumtunda ngati ine, ndipo boti anali asanakwerepo. Iwo ndi amene anatulukira nzeru yakuti asodzi a ku Mbenji akubisala kumeneko kuthawa makadi, ndiye Chipani chiwatsatire komweko asanabalalike. Ulendo anaukonza Loweruka, pa boti la injini la boma, ndi achinyamata a malaya ofiira ndiponso amayi ovina okwana kudzaza botilo. Akuluakulu a m'mudzi atawakumbutsa za mwambo uja, a Kachingwe sanavutike nazo. Anati amayiwo satsika, boti liima chapafupi ndi miyala, iwo aziimba ndi kuvina ali m'botimo tsiku lonse. Kuvina m'boti! Mwa amayi amenewo munali mayi anu, chifukwa ndiwo ankatsogolera nyimbo, ndipo nthawi imeneyo anali oyembekezera, miyezi isanu.

Woyendetsa boti anali munthu wochenjera. Sanakane, pakuti wokana ankagona kwina. Anangoti lamulo la ofesi yawo silimulola kulowa pakati mwezi umenewu popanda kalata ya azanyengo. Khala lamoto lija linachoka m'manja mwake n'kugwera mwa ine.

A Kachingwe anafika pa siteshoni akupukuta thukuta. “A Phiri, nkhani ndi yaing'ono. Mizere iwiri basi, yakuti Loweruka kucha bwino, ndi chidindo.”

“Bwana Tcheyamani, ine sindilosera. Ndimangoyeza yomwe yagwa kale.”

“Nanga zija za pa wailesi amanena ndani? Suja mumauza anthu kuti ndi mawu anu?”

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndinapempha kuti andipatse mpaka mawa madzulo, ndipo atangochoka ndinathamangira ku lamya. A Msiska anamvetsera bwinobwino mpaka pamene ndinatchula mawu akuti Chipani. Pomwepo lamya inadwala. “Halo? Halo, Phiri? Sindikukumva, waya wavuta. Uli pompo ndiwe, uone chochita. Halo?” Koma ndinkawamva akupuma.

Sindinade nkhawa kwenikweni, poti ndinali ndi Che Bwanali. Ndinawapeza pakhonde, ukonde uli pamiyendo, ndipo ndinawafotokozera zonse. “Ndiye tandiuzeni, Loweruka kukhala bwanji?”

“Za Loweruka? Dikirani mawa madzulo, mwanangu, wailesi inene.”

Ndinaseka, kuyesa nthabwala. “Wailesi imanena zimene mwandiuza inu.”

Singano inaima m'manja mwawo. “Mwati bwanji?”

“Zimene mumandiuza m'mawa ndimakauza a ku likulu, iwo n'kuulutsa madzulo.”

Kenaka anati, “Laa ilaha! Mwanangu, maso angawa anachita ng'ala kalekale. Mbenji ndinamuona komaliza inu musanabwere. Ukondewu ndikusoka ndi zala. Mwana wanga wa ku Joni ananditumizira wailesi, ndiye ndimamvera madzulo, m'mawa inu mukafunsa ndimakuuzani zomwezo. Ndimati mwana wa boma akundiyesa ngati ndimamvera wailesi ya boma.”

Ndinakhala pansi pa dothi, tayi ndi tayi yemwe. Zaka ziwiri ndi theka, mawu amodzimodzi akungozungulira ngati mbuzi ya pachingwe, kuchoka pakhonde kupita ku lamya, ku lamya kupita ku likulu, ku likulu kubwerera pakhonde. Dziko lonse likumvera, asodzi akundipatsa utaka. Che Bwanali anayamba kuseka mpaka kachisoti kanagwa, Abiti anatuluka kudzaona ngati mkulu wakomoka. Ine sindinaseke. Ndinachita mantha enieni, chifukwa ndinazindikira kuti pa gombe lonselo panalibe munthu wodziwa za Loweruka, ndipo mkazi wanga anali pa mndandanda wa boti.

Lachisanu

Atachoka ku mzikiti masana, Che Bwanali anandituma kuti ndiwagwire dzanja tipite kumchenga. Anati, “Inu muli ndi maso opanda nzeru, ine ndili ndi nzeru yopanda maso. Tiyeni tiphatikize, mwina patuluka munthu mmodzi.”

Tinaima pamadzi ofika m'akakolo, iwo akufunsa, ine ndikuyankha.

“Mbenji akuoneka patali kapena pafupi?”

“Pafupi kwambiri, miyala ikuchita kuwerengeka.”

“Hmm. Mitambo ya kutsidya, mitu yake ndi yozungulira kapena yophwatalala ngati bowa?”

“Iwiri yaphwatalala.”

“Dzulo inali ingati?”

Apa buku langa linandithandiza koyamba, chifukwa mitambo ndinkailemba tsiku lililonse osadziwa ntchito yake. Lachitatu kunalibe wophwatalala, Lachinayi unalipo umodzi, ndipo kutentha kunkakwera tsiku ndi tsiku. Iwo anatembenuza tsaya lina, kenaka linzake, kufuna mphepo. Kunalibe. Madzi anali phee. Ananunkhiza ngati munthu wofufuza ndiwo zopserera.

“Ndiye mwati bwanji, Che Bwanali? Ibwera?”

“Itha kubwera, itha osabwera. Allah yekha ndiye adziwa.”

“Zimenezo ndiye apo ndi apo zomwe zija! Ine akufuna kalata.”

Anandifinya dzanja. “Kalata ndi yanu, mwanangu. Ine ndingonena changa. Abiti wangayu ndi wolongolola, koma mawa sindingamukweze boti.”

Kunyumba ndinayesa njira yachidule. Ndinauza mayi anu kuti adwale, mutu kapena msana, ine ndilembe kalata yabwino, tipulumuke tonse. Anandiyang'ana ngati ndaponda ndiwo. “Ine nditsale, anzanga akwere? Ndiye likamira ndizidzatunga madzi ndi ndani pachitsime? Ndipo ndikakana anena kuti mkazi wa wantchito wa boma wanyoza. Inu bambo a Chikondi, lembani zimene mwaona. Mukapanda kulemba, ine ndikwera.”

Ndinalemba kalatayo motere: pali kuthekera kwakukulu kwa mvula yamabingu ndi mphepo yamkuntho pa nyanja kufupi ndi Mbenji Loweruka masana, boti lisanyamuke. Ndinadinda, n'kukapereka ndekha kugolosale.

A Kachingwe anawerenga kawiri. “Kuthekera? A Phiri, kuthekera n'chiyani? Ibwera kapena sibwera?”

“Itha kubwera, bwana.”

“Itha! Ndiye ulendo wa Chipani ulephereke chifukwa cha itha? M'dziko muno muli bata ndi mtendere, inu nokha ndi amene mukuona namondwe. Wakutumani ndani?”

“Mitambo, bwana.”

“Mitamboyo ili ndi khadi?”

Achinyamata awo anaseka, ine ndinangoyang'ana pansi. A Kachingwe anandipatsa mwayi wong'amba kalatayo, ndipo ndikanama ndikati mtima sunafune. Koma woyendetsa boti anali ataima pakhomo pomwepo, ndipo anali atamva zonse. Anapempha kalatayo mwaulemu, kuipinda, n'kuiika m'thumba la malaya ngati chithumwa.

Loweruka

Kunacha bwino kuposa masiku onse amene ndinakhala ku Salima. Kumwamba kuli mbee, nyanja ili phee, Mbenji akuchita kumwetulira. Ndinayang'ana baromita yakufa ija, muvi uli pa nyengo yabwino, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona ngati ikundiseka.

Pofika 9 koloko a Kachingwe anali atatumiza kale lipoti ku boma lakuti wazanyengo wasokoneza dala ntchito ya Chipani. Kenaka anabweretsa mpando wa ndalema, kuuika pafupi ndi khola la nkhunda lija, n'kukhala. Anati, “Tidikira limodzi namondwe wanuyo. Ikakwana 4 koloko asanafike, galimoto ya boma ikutengani mukafotokoze bwino kumeneko.” Tonse tinkadziwa kuti wokafotokoza bwino ankabwerako patapita zaka, tsitsi litayera. Amayi aja, poti anali atavala kale nsalu zawo ndipo ng'oma zinali zitawambidwa, a Kachingwe anawauza kuti avinire pompo pa siteshoni. Ndiye taganizani, ine ndakhala pa sitepe ndikuyembekeza kumangidwa, mkazi wanga akutsogolera nyimbo zotamanda kumvera, akundiponyera diso lakuti limbani mtima.

Ine ndinaleredwa mu mpingo, koma sindinapempherepo ngati tsiku limenelo. Anthu amapempha mvula ya mbewu, ine ndinkapempha ya mabingu. Ndinati Ambuye, ngakhale bingu limodzi lokha, laling'ono, lotsala dzulo. Kenaka ndinakumbuka kuti ku Mbenji kuli ana a anthu ndi mabwato awo, n'kuyamba kukonza pempherolo kuti bingulo ligwere pamadzi popanda munthu. Ndikhulupirira kumwamba anaseka.

12 koloko, kanthu kalibe. A Kachingwe anatumiza Fanta, kumwa akundiyang'ana. 1 koloko kunatuluka kamtambo kamodzi kutsidya, iwo anati, “Ndi ameneyo? Akudwala?” 2 koloko Che Bwanali anafika atagwidwa dzanja ndi Abiti, n'kukhala pambali panga.

“Mutu wake?” ananong'ona.

“Waphwatalala. Ndipo yabwera inayi.”

“Pansi pake?”

“Pakuda.”

“Alhamdulillah,” anatero pothokoza Mulungu, kenaka anadzigwira pakamwa. “Astaghfirullah, tikukondwera ndi chiyani?”

Cha m'ma 3 koloko Mbenji anasowa. Sindikunena mokuluwika, chilumba chinangofafanizika, pamalo pake pali chikhoma chakuda chochokera kumwamba mpaka pamadzi. Mphenzi zinayamba kung'anima mkati mwake, ndipo pambali panatsika chinthu ngati chingwe chopota, madzi akukwera m'mwamba. Ng'oma zinaleka zokha. Bingu loyamba litafika, botolo la a Kachingwe linagwa. Kenaka inabwera mphepo. Inanyamula matandala oyanikapo nsomba, usipa ukuuluka ngati masamba, inagwetsa khola la nkhunda za boma, inatenga chipewa cha Tcheyamani n'kupita nacho kumene sichinaonekenso. Boti la boma, lomangidwa ndi zingwe ziwiri padoko, linkadumpha ngati ng'ombe yolumidwa ndi njuchi. Amayi onse anali kuliyang'ana botilo. Mayi anu anali atagwira pamimba ndi manja onse awiri.

Mphepo itachepa, a Kachingwe anakwera pa mpando wa ndalema uja, womwe unalira momvetsa chisoni, n'kunena kuti, “Amayi, mwaona? Chipani chimaona patali! Ndi chifukwa chake ndinalamula kuti boti lisanyamuke.” Amayi anaimba nthungululu. Ine ndinaomba nawo m'manja, mwamphamvu kuposa onse. Galimoto ya 4 koloko siinabwere.

Koma tamverani chodabwitsa. Pa siteshoni panga sipanagwe dontho ndi limodzi lomwe. Mvula yonse inathera pa nyanja. Zinalidi apo, osati apa.

Lamulungu ndi Lolemba

Asodzi amene anawoloka Lamulungu anasimba kuti misasa yonse ya pa chilumba inasasuka, mabwato angapo anaphwanyikira pamiyala, ndipo amuna akuluakulu anabisala m'mapanga akulira amayi awo. Mwamwayi sipanafe munthu. Anati boti lodzaza anthu likanaima pomwe a Kachingwe ankafuna, sipakanatsala ndi ng'oma yomwe.

Vuto linali lipoti lija. Linali litapita kale, ndipo pepala likalowa mu ofesi ya boma silibwerera chammbuyo. A Kachingwe sakanalemba lina lodzitsutsa. Lamulungu m'mawa ndinatsanula chitini, chili gwa, koma buku sindinalembe. Lolemba ndinaimba lamya, ndipo tsiku limenelo waya unali bwino zedi.

“Phiri, nkhani yako yafika kuno,” anatero a Msiska. “Akufuna umboni wakuti kunali mvula. Za asodzi sakuzifuna, akufuna za m'buku. Chitini chikuti bwanji?”

“Chouma, bwana. Yonse inagwera pa nyanja.”

Anatsitsa mawu. “Phiri, ndimvere bwino. Buku sunatumize. M'chitini mukapezeka kanthu, ngakhale theka la inchi, ine ndili ndi poyambira, ndipo mpando uja ndinkakuuza kuno ku likulu ukadalipo. Pitanso ukayang'anitsitse. Nthawi zina madzi amabisala pansi.”

Nditafika kunyumba ndinawauza mayi anu. Analowa m'khitchini, kutuluka ndi ketulo, n'kukaima pafupi ndi chitini. Abiti Saidi anasuzumira pampanda nati, “Ine munandiletsa, koma dzanja ndikadali nalo.” Ndinaganiza za makatani a ku likulu, za sukulu yabwino ya Chikondi, za tayi wanga. Ndipo kunena zoona, mvulayo inagwadi, kungoti inaphonya chitini ndi mamailosi ochepa. Koma ndinaganizanso kuti zaka ziwiri ndi theka ndinadyetsa dziko mawu ozungulira, ndipo pa ntchito yanga yonse chinthu chokhacho chimene chinali choona chinali chitini chimenechi. Asodzi anali atayamba kundifunsa moona mtima tsopano, osati mwachipongwe. Ndinatenga cholembera n'kulemba ziro.

Mayi anu anandiyang'ana, kuyang'ana ketulo, n'kunena kuti, “Ndinakwatiwa ndi chitsiru.” Anabwerera m'khitchini, madzi omwewo n'kuphikira tiyi. Anandithirira shuga masupuni atatu, pamene masiku onse ankandiwerengera awiri.

Chitala

Sanandimange. A Msiska, ndiwathokoze pamenepa, analemba kuti ndine munthu wakhama koma nyanja imandisokoneza mutu, ndiye ndi bwino andiike kouma. Januwale asanathe tinali pa lole kupita ku Chitala, ndipo kalata imeneyo inakhala mu failo yanga mpaka tsiku lopuma. Nthawi iliyonse dzina langa likafika pa tebulo la zokwezedwa, wina ankaitsegula n'kuitsekanso. Baromita ija ndinaisiyira wondilowa m'malo, ikulozabe pa nyengo yabwino. Che Bwanali anandiperekeza mpaka pamsewu, ndipo mawu awo omaliza anali akuti, “Tsopano wailesi izinama yokha.”

Iwe Tadala unabadwira ku Chitala komweko mu Malichi, masana, mvula ikugwa yoti ngakhale wakhungu sangaitsutse. Azamba atandiuza kuti ndi mwana wamkazi, ndinalowa, ndinakuona, ndinalira pamaso pa anthu osachita manyazi. M'mawa mwake ndinakatsanula chitini, chinali chodzaza.

Ndiye ukamandifunsa kuti bambo, zaka zonsezi mu boma munapindula chiyani, yankho ndi ili. Loweruka lija pa mndandanda wa boti panalembedwa dzina la mayi ako lokha, koma okwera mukanakhala awiri.